Tsiku Limene a Mbewe Anakana Kuponya Khadi

Chizindikiro choyamba chinali kugwa kwa makadi. Linali Lamlungu masana, mwezi wa Febuluwale chaka chatha, kunja kuli mvumbi. Tinali pa khonde la nyumba ya a Gondwe, pa esiteti ya tiyi imene ndimagwirapo ntchito. Amuna anga, a Mbewe, anali atagwira makadi awo ku dzanja lamanja monga mwa masiku onse, kenako makadiwo anangopulumuka n'kumwazika pa simenti. Anawayang'ana osawatola. Ife tonse tinaseka, ndipo mpaka lero kuseka kumeneko kumandiwawa ndikakukumbukira.

Ine kwathu ndi kwa Kapichi konkuno ku Thyolo, ndipo ndimayang'anira chipinda chosankhiramo tiyi ku fakitale. A Mbewe kwawo ndi ku Dowa. Anabwera kuno kudzaphunzitsa masamu pa sekondale yoyendera, anandipeza, basi sanabwererenso. A Gondwe ndi a ku Rumphi, amayang'anira minda ya kumtunda kwa esiteti. Iwo ndi akazi awo ndi anzathu a kutchalitchi, ndipo Lamlungu lililonse tikaweruka tinkakumana n'kusewera makadi.

Ndiyenera kufotokoza pang'ono za masewerawa, chifukwa nkhani ya matendayi yayenda nawo limodzi. Anabwera nawo ndi a Gondwe pochokera ku maphunziro kunja kwa dziko lino. Si juga ayi. Osewera nonse mumakhala mbali imodzi, mukapambana mwapambana nonse, mukaluza mwaluza nonse. Makadi ake ndi a mitundu isanu, ofiira, obiriwira, abuluu, achikasu ndi oyera, ndipo mtundu uliwonse uli ndi manambala kuyambira 1 mpaka 5. Ntchito yake ndi kuwayala pa tebulo, mtundu uliwonse pa mulu wake, manambala motsatana. Chovuta n'chakuti makadi ako umawagwira chotembenuza, anzako akuwaona koma iwe osawaona. Ikafika nthawi yako ukhoza kuponya khadi pa mulu, kutaya limodzi, kapena kumuuza mnzako kanthu kamodzi kokha za makadi ake, mtundu kapena nambala. Mwayi wouzanawo ndi wochepa, timauwerenga ndi zitsekerero za mabotolo. Mukaponya khadi lolakwika katatu, masewera athera pomwepo.

Poona kuti mwayi wouzana ndi wochepa, ine ndi a Gondwe ndi akazi awo tinakhazikitsa mapangano. Lalikulu linali lakuti mnzako akakulozera khadi limodzi lokha, ndiye kuti akukuuza kuti uliponye. Lina linali lakuti pofuna kutaya, uzitaya limene lakhalitsa m'manja. A Mbewe mapangano amenewa sankafuna kuwamva n'komwe. Ankati munthu akakuuza kuti khadi ili ndi lofiira, wakuuza kuti ndi lofiira basi, zina zonse uzipeze wekha poyang'ana zimene zili pa tebulo, zimene zatayidwa, ndi zimene zili m'manja mwa anzako. Zimenezo ankazitcha lojiki, pamene mapangano athu ankawatcha kuloweza, komwe kuja amakalipira nako ana a Fomu 2. Ine ndinkawauza kuti ku fakitale sitiyamba kuganiza mwatsopano m'mawa uliwonse kuti tiyi uyu alowe m'thumba liti, timatsata zimene tinagwirizana ndipo ntchito imayenda. Iwo ankangopukusa mutu n'kupitiriza kuwerengera, khadi lili m'mwamba, tiyi akuzizira m'makapu. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti nthawi zambiri ankalondola.

Ndiye makadi atagwa tsiku limenelo, tinaganiza kuti awataya dala, chifukwa mayi Gondwe anali atangowadzudzula kuti akuchedwetsa anthu. A Gondwe anawauza kuti atole tipitirize. A Mbewe anafuna kuyankha, koma mawu anatuluka ngati a munthu amene wadzaza phala m'kamwa. Ine ndinakhala chakumanzere kwawo, choncho sindinaone kanthu. Mayi Gondwe, amene anakhala moyang'anizana nawo, ndi amene anasiya kuseka poyamba. Anaona kuti pakamwa pawo papendekera kumanja ndipo malovu akutsika.

Mlungu umenewo anali atadandaula za mutu, makamaka kunkhongo, koma tinkati ndi kutopa ndi kuchonga mayeso a ana. Ngakhale pa khondepo, maganizo anga oyamba anali akuti agone pang'ono, ndiwapangire tiyi wa shuga wambiri. Iwonso ankakupiza dzanja lamanzere kukana zowatengera ku chipatala pa galimoto. Mayi Gondwe anatitsutsa tonse. Bambo awo owabereka anadwalapo chimodzimodzi kwawo, choncho mayiwo anati a Mbewe tisawapatse chakudya kapena madzi, tiwanyamule nthawi yomweyo. Sanatipatse mpata wokambirana. Ngati pali munthu amene ndidzamuthokoze mpaka kufa, ndi mayi ameneyu.

Pa kiliniki ya pa esiteti, adokotala a pamenepo anawayeza bipi, n'kuyezanso mkono winawo ngati sakukhulupirira. Anawauza kuti akweze manja onse awiri. Lamanzere linakwera, lamanja linangoti lende. "Iyi ndi sitiroko," anatero. "Musataye nthawi pano, pitani ku Boma." Msewu wa m'minda ya tiyi nthawi ya mvula aliyense wa kuno akuudziwa. Galimoto ya a Gondwe inatitimira pa chitunda china, ndipo anthu amene ankachokera kothyola tiyi anatula madengu awo n'kuyamba kukankha, matope mpaka m'mawondo. Itakanika, mmodzi anathamanga kukaitana thirakitala imene imatuta masamba, ndipo inatikoka mpaka pa tala. Ambiri mwa anthu amenewo sindikuwadziwa mayina.

Ku chipatala cha ku Boma anawagoneka, ndipo tsiku lotsatira ambulansi inatitengera ku chipatala chachikulu ku Blantyre kuti akajambulidwe m'mutu. Tinadikira pa benchi m'mawa wonse, iwo ali pa kabedi ka matayala, ine nditagwira chikwama cha zovala chimene mayi Gondwe analongedza mothamanga. Zotsatira zitatuluka, adokotala, mayi wachikulire wolankhula mofatsa, anandiuza kuti mtsempha wa magazi watsekeka mbali ya kumanzere ya ubongo, n'chifukwa chake mbali ya kumanja ya thupi yafooka ndipo mawu asokonekera. Kenako anafunsa ngati a Mbewe ankamwa mankhwala a bipi.

Ndinayankha kuti ankamwa, koma anasiya cha m'nyengo ya Khrisimasi. Anali atayezetsa kangapo n'kupeza kuti bipi ili bwino, ndiye anawerengera kuti munthu amene ali bwino alibe chifukwa chomwera mankhwala. Ndinatsutsana nawo masiku angapo, koma kutsutsana ndi a Mbewe kumafuna munthu amene wadya bwino. Adokotala anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mayi, bipiyo inali bwino chifukwa cha mankhwalawo." Ndinawayang'ana amuna anga pa bedipo, ndipo mkwiyo ndi chisoni zinandigwira nthawi imodzi. Katswiri wa masamu anali atalumpha sitepe imodzi yokha.

Moyo wa mu wodi unali wa dongosolo lake. Tinkadzuka kusanache kuti okolopa agwire ntchito, kupinda mphasa zathu n'kuziika pansi pa bedi. Nthawi yoti madokotala ayendere odwala, magadiyani tonse tinkatuluka kukadikira m'khonde, aliyense maso ali pa chitseko. Masiku oyamba a Mbewe sankatha kumeza bwino, choncho phala linkadutsa m'chubu cha m'mphuno. Anesi anandiphunzitsa kuwatembenuza pafupipafupi kuti asachite zilonda, ndi kuika pilo pansi pa mkono wofookawo kuti phewa lisagweke. Mayi wina wa ku Chikwawa, amene ankadwazika mchimwene wake pa bedi loyandikana nalo, ankandigwirira miyendo ine ndikugwira mapewa, ndipo ankandisungira malo pa mzere wa madzi otentha. Mayi anga anabwera kuchokera kwa Kapichi n'kupemphera m'Chilomwe pa mutu pa mkamwini wawo. Mwana wathu Tadala anafuna kusiya sukulu ku koleji kuti adzandithandize, koma ndinamubweza.

Chubu chinachoka, kumeza kunabwerera, bipi inatsika. Chimene sichinabwerere ndi mawu. A Mbewe anatsala ndi liwu limodzi lokha, lakuti eya. Ukawafunsa ngati akumva ludzu, eya. Ngati akhuta, eya. Ngati dzina lawo ndi Mbewe, eya, ngati dzina lawo ndi Gondwe, eya. Munthu amene pa zaka zonse za ukwati wathu sanandivomerepo kanthu asanafunse kuti chifukwa chiyani, tsopano ankavomera chilichonse. Akanakhala kuti ndi wina ndikanaseka, koma ine zinkandiopsa kuposa mkono ndi mwendo. Ndinkawayang'ana m'maso kufuna kudziwa ngati amuna anga aja akadalimo, kapena ndatsala ndi thupi lokha loti ndizilisambitsa.

Ndinawafunsa adokotala mosabisa. Anati, "Mawu ndi nzeru si chinthu chimodzi, mayi. Ena mawu amachoka nzeru n'kutsala. Koma sindingakulonjezeni kanthu lero. Tidikire, ndipo musasiye mafizo, zolimbitsa thupi zimene tikupatseni."

Tinatuluka m'chipatala mwezi wa Malichi. Mabwana anga ku fakitale anandilola kumalowa ntchito theka la tsiku, ndipo mayi anga anatsala nafe. Mlungu uliwonse tinkapita ku mafizo ku Boma, nthawi zina pa galimoto ya a Gondwe, nthawi zina pa minibasi, kondakitala akudandaula kuti tikuchedwa kukwera. Mayi wa mafizo anali wosekaseka koma wosanyengerera. Anatipatsa zochita za kunyumba: kuima ndi kukhala pa mpando mobwerezabwereza, kufinya mpira wa nsanza, kutola nandolo imodziimodzi kuchotsa m'mbale ina kuika m'mbale ina. A Mbewe ankachita zonsezi osafunsa chifukwa chake. Mwendo ndi umene unayamba kumva. Pofika mwezi wa Epulo ankayenda ndi ndodo kuchoka kuchipinda kufika pa khonde, ndipo ankakhala pamenepo kuonerera othyola tiyi akuyenda m'mizere kutsidya. Mawu ena ochepa anayamba kubwera, monga madzi, mawa, ndi Tadala, koma ankatuluka mosayembekezeka, nthawi zina pamalo olakwika. Funso langa lija linali lisanayankhidwe.

Mayi wa mafizo ndi amene anatifunsa tsiku lina kuti kodi abambowa ankakonda chiyani asanadwale. Nditatchula za makadi, anati tiyambirenso, chifukwa ubongo umadzuka msanga ndi zinthu zimene munthu ankazikonda, makamaka akakhala pakati pa anzake. Ine ndinkakayika. Dzanja logwirira makadi linali lisanabwerere, nanga munthu wosalankhula angauze bwanji mnzake za khadi? A Gondwe anakapeza kalipentala wa pa esiteti, amene anacheka mpata m'kathabwa kuti makadi aziimamo okha. Mayi Gondwe anadula tinsalu tisanu ta mitundu ya makadiwo n'kutiyala pa tebulo. Pofuna kunena mtundu, a Mbewe ankaloza khadi la mnzawo kenako n'kugwira kansalu. Pofuna kunena nambala, ankaimika zala za kumanzere.

Tinayambiranso mwezi wa Meyi, tsopano kunyumba kwathu. Masewera oyamba sanafike pakati, anatopa n'kuyamba kusinza. Koma pang'onopang'ono anayamba kukhalitsa. Tikawalozera khadi limodzi, ankaliponya. Ikafika nthawi yotaya, ankataya limene lakhalitsa. Mapangano onse aja amene ankawanyoza ankawatsata bwino kuposa ife eni ake, osachedwa, osawerengera. A Gondwe ankaomba m'manja n'kumati, "Mwaona, aphunzitsi atembenuka mtima!" Ine ndinkasekerera nawo, kenako n'kunamizira kukatenga madzi kukhitchini, kumene ndinkakalira. Zaka zonsezi ndinkafuna kuti andimvere pa masewerawa. Tsopano ankandimvera, ndipo sindinkadziwa ngati akumvera chifukwa akumvetsa kapena chifukwa palibenso china chimene chatsala m'mutu mwawo.

Komabe ndinene chilungamo pa mapanganowo. Popanda iwo a Mbewe sakanakhala nafe pa tebulo miyezi imeneyo. Mutu wawo unkatopa msanga, ndipo kusunga zinthu zambiri nthawi imodzi kunali kovuta. Pangano linkawapatsa chochita chimodzi chodziwika, ndipo akachichita bwino nkhope yawo inkawala. Linali ngati ndodo yawo ija, munthu suyikonda koma imakufikitsa pa khonde. Ndinazindikiranso kuti ife atatu sitinapange mapangano chifukwa cha ulesi monga ankanenera iwo. Tinawapanga chifukwa timadziwana, ndipo timakhulupirira kuti mnzathu akaloza khadi akutifunira zabwino.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Lamlungu lina mwezi wa Julayi, nthawi ya chiperoni. Nkhungu inali itatsika mpaka tiyi wa kuseri kwa nyumba osaoneka, magetsi anali atazima, ndipo tinasewerera m'nyumba pafupi ndi windo chifukwa pa khonde pankazizira. Magalasi anga ndinali nditawaiwala ku fakitale dzulo lake. Masewera anali atafika patali, koma tinali titalakwitsa kale kawiri. Kulakwitsanso kamodzi kunali kuluza.

Mulu wa makadi obiriwira unali pa 2, ndipo unali wokhawo umene unkadikira 3. Ndinayang'ana pa kathabwa ka a Mbewe n'kuona 3 wobiriwira ataima kumapeto. Ndinamuloza n'kunena kuti, "Ili ndi fili." Khadi limodzi lokha, pangano lodziwika. Ndinakhala pansi mtima uli m'malo.

Nthawi yawo itafika, sanaponye. Anayang'ana pa tebulo, anayang'ana mulu wa makadi otayidwa, anayang'ana m'manja mwa a Gondwe, n'kubwereranso pa tebulo. Anakhala choncho nthawi yaitali. Ndinayamba kuopa, chifukwa mayi wa mafizo anali atatichenjeza kuti nthawi zina munthu amabwerera m'mbuyo, ndipo tikaona kusokonezeka kwachilendo tithamangire ku chipatala. Ndinaganiza kuti aiwala ngakhale kanthu kamodzi kaja kamene anali atagwiritsa.

"Bambo a Tadala," ndinatero pang'onopang'ono, monga ndinali nditazolowera kuwalankhula miyezi imeneyo, "ndakulozerani limodzi. Tikaloza limodzi timatani? Timaponya. Ponyani."

Anandiyang'ana, ndipo kayang'anidwe kake ndinakazindikira ndisanamve mawu.

"Ayi," anatero.

Anatambasula dzanja lamanzere n'kufukula mulu wa makadi otayidwa mpaka anatulutsa 3 wobiriwira amene mayi Gondwe anataya kumayambiriro. Anamuika pa tebulo n'kumugogoda ndi chala. Kenako analoza m'manja mwa a Gondwe, m'mene munali 3 wobiriwira wina, amene ine sindinamulabadire. Anaimika zala ziwiri. Analimbana ndi mawu mpaka thukuta linatuluka pa mphumi ngakhale kunali kozizira.

"Mafili... awiri... okha."

M'masewerawa mtundu uliwonse uli ndi ma 3 awiri basi. Wobiriwira mmodzi anali atatayidwa, wina anali kwa a Gondwe. Choncho khadi limene ndinalozalo silikanakhala 3 wobiriwira, ndipo popeza panalibe mulu wina wodikira 3, kuliponya kunali kuluzitsa tonse. Mayi Gondwe anasendera pafupi n'kuyang'anitsitsa pa kathabwako.

"Amayi a Tadala, inu," anatero, "khadi mwalozali ndi labuluu. Maso anuwo mwawasiya ku fakitale eti?"

A Gondwe anaseka mpaka anatembenuza makadi awo n'kuwaona. "Aaa, aphunzitsi abwera! Basitu, mtendere watha m'nyumba muno."

Ine sindinaseke, ndipo ulendo uno sindinathawire kukhitchini. Ndinalira pomwepo, mokweza, ngati pamaliro, mpaka mayi anga anatuluka kuchipinda akuthamanga kuganiza kuti kwagwa zovuta. Munthu amene anasunga m'mutu khadi lotayidwa kalekale, n'kuliphatikiza ndi limene akuliona, n'kupeza kuti mkazi wake walakwitsa, n'kulimba mtima kumukana, ameneyo anali a Mbewe, wathunthu. Iwo anangondigwira dzanja n'kumandiyang'ana ngati akufunsa kuti nanga cholira n'chiyani, pamene nkhani yake ndi yosavuta chonchi. Masewera a tsiku limenelo sitinawamalize.

Sindikunena kuti anachira tsiku limenelo. Mawu anapitiriza kubwera mochedwa, ndipo panali milungu imene tinkaona ngati palibe chikusintha. Panali masiku amene ankapsa mtima chifukwa liwu lili pa lilime koma likukana kutuluka, mpaka kukankha mbale. Koma ine ndinali nditasintha. Ndinasiya kuwalankhula ngati mwana, ndinasiya kuwamalizira mawu, ndinayamba kudikira. Titapita kukaonedwanso ku Blantyre ndinawafotokozera adokotala aja nkhani ya khadi labuluu. Anamwetulira n'kunena kuti, "Pitirizani kusewera, ndipo inu mayi muzivala magalasi." Pofika mwezi wa Okutobala a Mbewe ankawerenga nyuzipepala mokweza, ndime imodzi pa tsiku, ndipo anayamba kuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere.

Lero akuyenda opanda ndodo, ngakhale mwendo wamanja umakoka pang'ono akatopa. Dzanja lamanja limagwira kapu koma choko limakana. Kuyambira teremu yapitayi abwerera ku sukulu, akuphunzitsa kalasi imodzi yokha, ndipo manambala awo pa bolodi amaoneka ngati a mwana wa Sitandade 1, koma ana akuti amamveka bwino kuposa kale chifukwa sathamanganso. Amalankhula mochedwa, ndipo mayina a anthu nthawi zina amawathawa. Mchere tinachepetsa m'nyumba monse. Mankhwala a bipi amamwa m'mawa uliwonse ine ndikuona, ndipo pa nkhani imeneyi ndinawauza kuti lojiki yawo aziisiya panja.

Pa makadi nkhani sinathe. Tsopano amavomera kuti mapangano ali ndi ntchito, koma amati ndi abwino kwa munthu wotopa. Ine ndimawayankha kuti pofika Lamlungu masana tonse timakhala otopa. Chimene tinagwirizana n'chakuti mnzako akakulozera khadi limodzi uyambe wakhulupirira kuti akufuna uliponye, koma usanaponye uyang'ane kaye pa tebulo, chifukwa mnzakoyo akhoza kukukonda n'kulakwitsabe. Amachedwabe kusewera. Palibenso amene amawadzudzula.

Kwa inu amene mukuwerenga, ndili ndi zochepa zoti ndinene, ndipo ndazilipira modula. Mukaona pakamwa pa munthu papendekera, mkono wafooka mwadzidzidzi, kapena mawu asokonekera, musamugoneke kuti apume, musamupatse tiyi, musadikire kuti mvula ikate. Mutengereni ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale mwini wake akukana. Yezetsani bipi ngakhale simukumva kupweteka paliponse, ndipo ngati anakupatsani mankhwala musasiye chifukwa mukupeza bwino, kafunseni kaye ku chipatala. Mafizo ndi otopetsa ndipo zotsatira zake zimachedwa, koma musawasiye. Ndikuthokoza madokotala, anesi, mayi wa mafizo, banja la a Gondwe, mayi anga, ndi anthu aja anatula madengu awo m'matope.

Chomaliza ndi ichi. Wodwala wanu akasiya kulankhula, musayambe kumukamba ngati palibe. Anthu ankabwera kudzazonda n'kumandifunsa ine, iwo ali pomwepo, kuti, "Kodi akuzindikira koma?" Ena ankakambirana pa mutu pawo za amene anadwala chonchi osadzukanso. Mwezi wathawu, tikuchokera kukalandira mankhwala, ndinawafunsa ngati akukumbuka chilichonse cha masiku a mu wodi aja. Anayenda kaye pang'ono akusakasaka mawu monga amachitira tsopano.

"Ndinkamva zonse," anatero. "Pakamwa pokha ndi pamene panatseka."

Ndinawafunsa kuti zonse ziti.

"Tsiku lina munkandipukuta kumaso. Munaganiza kuti ndagona. Munati, bwererani bambo, mudzanditopetsenso ndi makani anu." Anaima kuti apume, n'kunditembenukira. "Ndinafuna kukuyankhani kuti ndikubwera. Chinatuluka ndi eya."